Mtsuko wa pa Nsendwe

Iwe, usataye madziwo! Bwera nacho kuno chikhocho. Mukuseka? Sekani, mano ndi anu. Uvuni uwu supsa lero, njerwa zimafuna moto wa masiku awiri, ndiye nthawi tili nayo yambiri. Kankhirani chikunicho mkati mukhale pansi, ndikuuzeni chifukwa chake ine Elube sindilola munthu kukhuthula madzi otsala m'chikho ine ndikuona.

Nonsenu mumachidziwa chipilala cha pa Nsendwe, chija mumachinena kuti chili ngati nyumba yoti mwini wake anamwalira asanafolere. Ine chimene chija ndinachithirira ndi manja angawa chikadali chachiwisi. Koma nkhani yake siyambira pa simenti ayi.

Nthawi ya atsamunda, amuna khumi ndi mmodzi a kuno anakana thangata pa munda wa fodya wa mzungu, ndipo anagwetsa mlatho kuti lole ya asilikali isawoloke. Asilikali atazungulira njira ina, amunawo anakwera m'phiri la Nsendwe ndi mikondo, nkhwangwa ndi mfuti imodzi ya gogodera. Asilikali sanavutike n'kuwatsatira. Anangomanga misasa m'tsinde mwa phiri n'kukhala pansi. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo m'phiri muja mulibe ngakhale dontho la madzi. Tsiku lachisanu ndi chitatu ndi pomwe asilikali anakwera kukatola mitembo, n'kupita nayo kumene sitikudziwa mpaka lero. Mmodzi mwa amunawo anali bambo anga, a Lameki. Ine ndinali m'mimba.

Mwana aliyense wa sukulu kuno amadziwanso za amayi anga, a Nachisale. Tsiku lachinayi, akazi onse ali phee ndi mantha, iwo anatunga madzi pachitsime cha kudambo n'kusenza mtsuko, ulendo wa kuphiri masanasana. Msilikali anawaimitsa panjira n'kuuswa mtsukowo ndi mfuti uli pamutu pawo. Umu ndi mmene nkhaniyi inkasimbidwira, ndipo ine ndinakula ndikuinyadira kwambiri. Mwana akanditukwana kuti ndilibe bambo, ndinkamufunsa kuti amayi ake anali kuti tsiku lachinayi.

Za bambo anga amayi sankanena zambiri. Ndikawaumiriza ankangoti, "Anali munthu wosamaliza madzi." Akuti akawagwadira ndi chikho, bambo ankamwa n'kusiya pang'ono pansi pake, kenako n'kubweza chikhocho amvekere, "Imwa nawe, wotopa ndiwe." Bambo anga onse amene ndinali nawo anali amenewo basi. Amayi sanakwatiwenso, ndipo anali munthu wofatsa, kupatula pa chinthu chimodzi. Pangodya m'chipinda mwawo munali mtsuko wovundikira umene ankaikapo koloboyi. Ndili mwana ndinauvundukula tsiku lina, kuyesa kuti mwina amabisamo shuga. Chikwapu cha tsiku limenelo ndikachikumbukira msana umandiyabwabe.

Zaka makumi asanu zitapitirira, kunabwera mtsikana wa ku Lilongwe, Mayi Chimbalanga, wojambula mapulani a nyumba. Bungwe lina losunga mbiri linamutuma kuti adzamange chikumbutso cha amuna aja. Anali mwana waulemu, ndinene zoona. Anavula nsapato n'kukhala pamphasa ndi amayi anga masiku atatu, akulemba chilichonse m'kope. Anawapempha kuti akamuonetse malo enieni pamene mtsuko unaswekera. Amayi anapita naye, naloza ndi ndodo osayandikirapo, n'kubwerera. Pamalo pomwepo ndi pomwe anakhoma zikhomo.

Patatha miyezi iwiri anabweranso ndi chipepala chachikulu n'kuchiyala pakhonde pathu.

"Agogo, izi ndi nsanamira khumi ndi imodzi," anatero. "Iliyonse ndi munthu mmodzi. Zaima mozungulira, zaweramira pakati. Sitidzapaka penti, sitidzapaka pulasitala. Zipsera za matabwa zidzatsala pa konkire momwemo, chifukwa anthu amenewa sanafe mosalala."

"Nanga timipata iti?" ndinafunsa ine, poti pakamwa panga sipachedwa.

"Ndi pakamwa pawo, mayi. Nsanamira iliyonse ili ndi kampata kamodzi, pa msinkhu wa pakamwa pa munthu, kotseguka. Ndipo pamalopo sipadzakhala mtengo, benchi kapena mpopi. Munthu akabwera, aime padzuwa, amve ludzu ngakhale pang'ono pokha."

Ndinaseka. Ndinati mwanayu waphunzira zaka zonsezi kuti adzatimangire malo opanda mthunzi. Koma amayi sanaseke. Chala chawo chinali pakati pa chipepalacho.

"Ichi n'chiyani?"

"Umenewo ndi mtsuko wanu, agogo," anayankha mtsikanayo, maso ali ngwee ndi chimwemwe. "Waukulu, wa konkire, wofika m'chifuwa. Wong'aluka kuyambira kukamwa mpaka pansi, monga anauswera msilikali uja."

"Ndiye madzi sadzakhalamo?"

"Ayi, agogo. Ngakhale mvula igwe sabata yonse, azingodutsa. Tanthauzo lake ndi lomwelo."

Amayi anachotsa chala chawo pang'onopang'ono n'kuchipukuta pa chitenje. Anati mutu ukuwawawa, nalowa m'nyumba. Ine ndinaganiza kuti ndi chisoni chabe.

Ntchito itayamba ndinalembedwa m'gulu la amayi otunga madzi. Tinalipo asanu ndi mmodzi, mnzanga wapamtima anali Dolika. Kapitawo wathu anali a Gwaza, bambo wamfupi wokonda kukuwa, koma wodziwa ntchito yake. Atathira konkire n'kuchotsa matabwa, anatisonkhanitsa.

"Amayi inu, mverani. Konkire ili ngati khanda, ikasowa madzi imang'aluka. Masiku makumi awiri ndi limodzi muzithirira, m'mawa, masana ndi madzulo. Muzikuta ndi ziguduli zonyowa. Masikuwo akakwana, basi, palibenso dontho pano. Ndi lamulo la mayi wa pulani."

Ine ndathirirapo konkire malo ambiri, pa sukulu, pa chigayo, pa mlatho wa kumsika. Ukathira, madzi amayenderera pansi n'kupanga matope, mapazi n'kumaterereka. Pa Nsendwe sizinkatero. Ukakhuthula ndowa pa nsanamira, madzi ankatsika mpaka pa kampata kaja, ndipo kuchokera pamenepo kupita pansi pamakhala pouma gwa. Tsiku loyamba tinati ndi dzuwa. Tsiku lachiwiri Dolika anagwada n'kukhudza dothi la m'tsinde mwa nsanamira, nandionetsa fumbi m'dzanja lake.

Kenako migolo. Tinkaidzaza yonse inayi tisanaweruke. M'mawa tinkaipeza ili theka, pansi pake pouma, popanda phazi la munthu kapena la mbuzi. A Gwaza anayamba ndi mlonda, kuti akugulitsa madzi kwa oumba njerwa. Mlonda analumbira mpaka kuvula chipewa. A Gwaza anatembenukira kwa ife, amvekere ndife aulesi, timadzaza migolo ndi pakamwa. Tsiku lotsatira anaidzazitsa iwo akuona, navundikira ndi malata, n'kutsendereza ndi miyala. M'mawa miyala inali pomwepo, malata pomwepo, madzi theka. Kuyambira tsiku limenelo a Gwaza anachepetsa kukuwa.

Ziguduli nazo tinkazipeza zouma, zopotoka ngati wina wazifinya mpaka dontho lomaliza. Chikho chathu chomwera, chimene tinkachipachika pa mgolo, chinkasowa. Tikachifuna tinkachipeza m'tsinde mwa nsanamira, lero iyi, mawa inayo, chili chovundikira.

Koma chimene chinandiopsa ine ndi cha masana. Mukudziwa mmene nyenje zimalirira mu Okutobala, mpaka makutu kuchita kuwawa. Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, amisiri atapita kukadya, ine ndi Dolika tinkathirira awiri. Mwadzidzidzi nyenje zonse zinangoti zii. Mu bata limenelo ndinamva kumeza. Osati kuyenderera kwa madzi ayi. Kumeza kwa munthu amene pakhosi pake pauma, kovutikira, kochokera m'kampata ka nsanamira imene ndinali nditangoithira.

"Wamva?" ndinanong'oneza.

"Sindinamve kanthu," anatero Dolika, "ndipo iwenso sunamve. Tiye tizipita."

Ndowa yake anaisiya pomwepo.

Tikanatha kusiya ntchitoyo, ndipo awiri mwa ife anasiyadi. Ine sindinathe. Ndikagona ndinkaganiza kuti ngati pali wina amene akumwa pamenepo, mwina mmodzi wa iwo ndi bambo anga. Ndiye ndinkathira mowolowa manja, nsanamira iliyonse ndowa ziwiri, poti sindinkadziwa kuti yawo ndi iti. Mantha ndinali nawo, koma chisoni chinkaposa.

Tsiku la makumi awiri, kutatsala limodzi kuti tisiye, ndinkachokera kudambo ndekha ndowa ili pamutu. Dolika anali m'mbuyo chapatali. Pokhota paja pali chulu, ndinaona munthu ataima m'mphepete mwa njira. Anavala kabudula wa kaki wa masokedwe akale, wopanda nsapato, chipewa chamlaza chitatsikira kumaso. Nkhope sindinaione. Ndinangoona milomo, yoyera ndi yong'aluka ngati matope a padambo louma.

"Zikomo, mayi," anatero. Mawu ake ankachita kukhwekhwereza. "Madziwo ndi athu?"

Kwathu kuno munthu sakanizidwa madzi. Ndinatula ndowa, n'kugwada, n'kutunga ndi chikho. Iye sanatambasule dzanja. Anaweramira pang'ono ngati akundiyang'anitsitsa pansi pa chipewacho, nthawi yaitali ndithu.

"Mwafanana," anatero. "Koma si inu. Ife tinaona wina akubwera. Tikudikirabe."

Ndinaweramitsa mutu kuti ndibweze madzi m'ndowa. Podzutsa maso, panali chulu chokha.

Dolika anandipeza ndili chigwadire. "Iwe Elube, wayamba kupembedza chiswe?" Anaseka, koma atandiyang'ana kumaso kuseka kunamuthera. Anandisenzetsa ndowa.

Madzulo ake ndinalakwitsa, kapena mwina sindinalakwitse, muweruza nokha. Ndinawauza amayi zonse, migolo, chikho, kumeza kuja, ndi mawu a mlendoyo. Ankasenda nandolo. Manja awo anaima.

"Anati tinaona wina akubwera?"

"Eya."

"Ndipo kuthirira mukusiya liti?"

"Mawa."

Anakankhira lichero pambali. Nditawabweretsera madzi akumwa, anachiyang'ana chikhocho n'kutembenuzira nkhope kukhoma.

Mawa lake tinathirira komaliza. A Gwaza anagubuduza migolo n'kuikweza m'lole mothamanga ngati munthu wothawa ngozi. Pamalopo panatsala nsanamira zokhazokha zitaweramira chimtsuko chong'aluka chija. Kunyumba ndinapeza madzi amene ndinawasiyira amayi ali momwemo. Phala anakana. Tiyi anakana. Ndinawanyengerera, ndinawakalipira, ndinawauza kuti ndiitana akumpingo. Anangoti, "Sindikudwala, Elube. Pakhosi patsekeka basi."

Tsiku lachiwiri milomo yawo inayamba kung'aluka. Munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, m'dzuwa la Okutobala, osamwa kanthu! Ndinadziwa kuti ndikapanda kuchitapo kanthu, Loweruka lisanafike tikhala tikuyala masamba pamsewu. Ndinayesa kuwadonthezera madzi ndi sipuni ali m'tulo, koma anadzidzimuka n'kulavula. Ndinakonza zoti m'mawa ndiwakweze pa njinga ndipite nawo kuchipatala, afune asafune.

Dzuwa litangolowa, ndili pakhonde, ndinamva kulira m'chipinda mwawo. Sikunali kulira kwa munthu. Kunali ngati mmene imalirira mphepo ikamaomba pakamwa pa botolo, motsika, mosalekeza. Kunja kunalibe mphepo. Ndinalowa. Amayi anali chogona, maso ali pangodya, ndipo koloboyi ankanjenjemera pamwamba pa mtsuko wovundikira uja.

"Chotsa nyaliyo," anatero. "Uvundukule."

"Amayi, munandikwapula chifukwa cha mtsuko umenewu."

"Lero sindikukwapula. Uvundukule."

Nditaugwira, kulirako kunasiya. Unali mtsuko wamba wotungira madzi, wakuda ndi ukalamba, wopanda ngakhale kamng'alu. Mkati mwake munali nkhata yakale yofumbwa ndi chikho.

"Ndi umenewo," anatero amayi.

"Uti?"

"Umene unasweka."

Ndinakhala pansi. Iwo anayankhula akuyang'ana kudenga, mawu akutuluka limodzilimodzi.

"Sanauswe. Sanandikhudze n'komwe. Anali kamnyamata, mfuti ikuchita kukalemera. Kanangoti, ‘Taya.’ Ndinayang'ana kuphiri. Anali pathanthwe paja, onse, akundiona. Bambo ako anaimirira n'kukweza dzanja. Kamsilikali kanatinso, ‘Taya, mayi.’ Iwe unagunda m'mimba. Ndinatula mtsuko, n'kuupendeketsa ndekha, ndi manja angawa. Ndinathira onse pansi iwo akuona. Ndinabwerera ndi mtsuko wanga wathunthu, n'kuubisa m'thengo mpaka usiku. Akazi atandifunsa, ndinati wasweka."

Ndikuuzani zoona, ndinakwiya. Sindinawamvere chisoni nthawi imeneyo ayi. Ndinakumbukira ana onse amene ndinawanyoza chifukwa cha amayi awo, ndi zaka zonse zimene ndinayenda ngati mwana wa mfumu chifukwa cha mtsuko wosasweka. Ndinatuluka n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe, ndikulira ndi ukali. Koma ukali wanga sunakhalitse. Ndinawerenga ndekha kuti mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, wapakati, mfuti ili pachifuwa, anataya madzi kuti asataye ine. Madzi amene aja ndine ndinamwa.

Nditabwerera m'nyumba anati, "Zaka zonsezi amuna aja anali chete m'phiri mwawo. Inu mwawatsitsa ndi madzi anu, pamalo pomwe ndinathira anga. Amwa masabata atatu, lero mwawatsekera. Ndipo mwawaikira mtsuko wobooka kuti aziuyang'ana mpaka kalekale, chifukwa cha bodza langa. Ine ndimwe bwanji?"

"Amayi, madzi akatayika saoleka."

"Saoleka," anavomera. "Koma chitsime chilipo."

M'mawa sindinapite kuchipatala. Ndinapita kwa Mayi Chimbalanga, amene ankagona kunyumba ya aphunzitsi pokonzekera mwambo wotsegulira. Ndinamuuza zonse, osabisa kanthu. Anakhala pa sitepe manja ali kumutu.

"Mayi, mukudziwa chimene mukundiuza? Chipilala chonse chija chaima pa mng'alu umenewo. Ndalemba m'mapepala, ndauza akuluakulu, mwala wa mawu tazokota kale."

"Ndikudziwa, mwanawe. Pepa."

"Ine za mizimu sindikhulupirira."

"Sindinabwere kuti ukhulupirire. A Gwaza atchinga ndi waya, ndipo akuti lamulo lako ndi lakuti pasafike dontho. Ine ndabwera kudzapempha kiyi."

Mtsikanayo anachotsa manja kumutu kuja. Kenako anati, maso ali pansi, "Dzulo madzulo ndinapita ndekha kukajambula zithunzi. Ndinali ndi botolo la madzi m'chikwama, lotseka, losatsegulapo. Pobwerera ndinalipeza lopanda kanthu, chitsekerero chili chomata." Anaimirira n'kuvala nsapato. "Ndinafuna kuti alendo azimva ludzu. Sindinaganize za eni ake. Tiyeni."

Amayi anakana njinga, anakana wilibala. Anati anayenda wapansi tsiku lija, ayendanso wapansi. Anakananso kupita m'mawa kukadali kozizira, anati nthawi yake ndi masana. Tinawagwira uku ndi uku mpaka kudambo. Anatsuka mtsuko okha, n'kuudzaza mpaka kukamwa. Ndinati tichepetseko, amvekere, "Anthu khumi ndi mmodzi, Elube." Ndinawapotera nkhata yatsopano ndi chitenje changa, ndipo ine ndi mtsikana uja tinawasenzetsa.

Kuchokera pachitsime kufika pa chipilala ndi mtunda woti mwana amathamanga osapumira. Ife tinayenda ola lathunthu. Ine ndinawagwira m'chiuno, mtsikanayo akuyenda chambali manja ali m'mwamba kuopa kuti mtsuko ungagwe. Madzi ankagavira n'kutsikira kumaso kwawo, koma ankatseka milomo kuti lisalowe ngakhale dontho. Pa chulu paja sindinayang'ane kumbali. Ndinangomva kuti mapazi athu achuluka, ngati pali ena akuyenda nafe m'udzu.

A Gwaza anationa tikubwera. Anatsegula pakamwa kuti akuwe, koma ataona mayi wa pulani akuperekeza mtsuko, anavula chipewa n'kutsegula geti okha.

Titangolowa pakati pa nsanamira zija, nyenje zinati zii.

Mng'alu wa chimtsuko cha konkire ndi waukulu, munthu amatha kulowetsa mapewa. Tinawatula amayi, ndipo iwo anakankhira mtsuko wawo mkati mwa chimtsukocho, n'kuukhazika bwinobwino. Anatunga ndi chikho chakale chija n'kuchiika pansi, patsogolo pa mng'aluwo. Kenako anagwada, monga mkazi amagwadira popereka madzi, nkhope atayang'ana kumbali.

"Ndafika," anatero. Mawu ankangomveka pang'ono. "Ndine uja munandiona. Palibe anandiswera mtsuko, ndinataya ndekha. Ndinachita mantha. Ndachedwa, koma ndi awa."

Anatiuza kuti titembenuke, poti amuna akamamwa sayang'anidwa kukamwa. Tinafulatira tonse, ine, mtsikana uja ndi a Gwaza, maso kugeti.

Kunali zii kwa nthawi yaitali, mpaka ndinayamba kuganiza kuti tawavutitsa chabe amayi anga. Kenako ndinamva chikho chikukhudza mkamwa mwa mtsuko, kuti kho. Kubwira kwa madzi. Kumeza. Chikho chinakhudzanso. Mtsikana uja anandigwira dzanja, zikhadabo zake zikulowa m'mnofu mwanga, ndipo ndinamva a Gwaza akunong'ona pemphero limene ndikukhulupirira kuti anali asanalinene chichokereni ku Sande sukulu. Ine ndinkawerenga. Sindinafune, koma ndinkawerenga. Kasanu ndi kawiri. Kasanu ndi katatu. Sankalimbirana, aliyense ankadikira mnzake. Kakhumi. Panapita kanthawi. Kakhumi ndi kamodzi, ndipo uyu anamwa pang'onopang'ono kuposa onse.

Nyenje imodzi inayamba kulira, zinzake n'kutsatira.

Nditatembenuka, amayi anali chigwadire pomwe paja, manja ali pamaondo, nkhope kumbali. Ndinasuzumira mumtsuko. Munali mouma ngati simunalowepo madzi, ndipo pansi ponse panalibe dontho. Koma chikho sichinali pamene anachiika. Chinali pafupi ndi bondo lawo, chokhazikika bwino, osati chovundikira ngati masiku aja.

"Amayi," ndinatero, "taonani."

Anatembenuza nkhope pang'onopang'ono. M'chikhomo munali madzi pang'ono, pansi pake penipeni, okwana kumeza kawiri.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako, pa milomo yong'aluka ija, ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachionepo chibadwire, amayi anga akumwetulira ngati mtsikana.

"Ndi iyeyo," anatero. "Sankamaliza."

Ananyamula chikho ndi manja awiri n'kumwa.

Anakhala ndi moyo mvula zina zitatu, akudya, akumwa, akundikalipira monga kale. Pa mwambo wotsegulira anaimirira okha pamaso pa anthu n'kunena zoona zake, ndipo ena anang'ung'udza, koma akazi okalamba amene analipo tsiku lachinayi lija sananene kanthu, poti iwo sanafike ngakhale pa chulu. Mayi Chimbalanga sanagwetse kanthu, sanamate mng'alu. Anangochotsa mwala wa mawu uja, n'kusiya mtsuko wadothi mkati mwa wa konkire. Mukapita mukaupeza. Mu Okutobala timaudzaza mosinthana, ndipo palibe amafunsa kumene madziwo amapita.

Moto wa kumbali uko wazilala, wina akankhire nkhuni. Iwe, chikho chija chili kuti? Bweretsa. Amene wasiya madzi pansi pa chikho sanakhute ayi, wasiyira wina.